Chidindo Chogubuduza cha Anthu a ku Sumer

Mwana wa sukulu akayamba kugwira pensulo, chinthu choyamba chimene afunitsitsa kudziwa ndicho kulemba dzina lake. Akalidziwa, alilemba pa sileti, pa chikuto cha buku, ngakhale pa khoma pamene mphunzitsi sanamlole. Chikhumbo chimenechi, chakuti munthu asiye chizindikiro chake pa chinthu kuti ena amzindikire iye mwini palibe, ndi chakale koposa malembo amene. Anthu a ku Sumer anali nako kamwala kogwira ntchito imeneyi zaka zoposa 5,000 zapitazo, ndipo mbiri ya kamwalako ionetsa chimene chinakakamiza anthu kuyamba kulemba.

Dziko la dongo ndi bango

Sumer linali dziko la kunsi kwa chigwa chachikulu cha mitsinje iwiri, Tigris ndi Euphrates, kumene lero kuli kumwera kwa Iraq. Agiriki anatcha chigwacho Mesopotamia, kutanthauza dziko la pakati pa mitsinje. Mvula kumeneko ndi yochepa, ndipo anthu ankalima barele ndi tirigu pokumba ngalande zopatutsa madzi a mumtsinje. Miyala yolimba, mitengo yaikulu ndi zitsulo zinali zosowa m'dzikomo. Zochuluka zinali dongo ndi bango. Ndi dongo anamanga nyumba ndi akachisi, ndi dongo anaumba mitsuko, ndipo potsiriza pake pa dongo pomwepo analembapo.

M'chigwa chimenechi munamera mizinda yoyamba ya dziko lapansi, monga Eridu, Ur, Nippur, Lagash ndi Uruk. Woposa yonse poyamba unali Uruk, umene bwinja lake litchedwa Warka masiku ano. Pofika zaka za m'ma 3100 B.C., ndiko kunena Khristu asanabadwe, mzindawu unakuta malo a mahekitala monga 250, ndipo akatswiri ena ayerekeza kuti anthu ake anafika 40,000.

Kuchuluka kwa anthu kotereku kunadza ndi vuto limene mudzi waung'ono sulidziwa. Pamudzi munthu akabwereka mbuzi, mudzi wonse udziwa, ndipo akakana ngongole, akulu amene anaona adzamtsutsa pabwalo. Mboni ndiwo maso ndi makutu a anansi. Koma kachisi wamkulu wa ku Uruk anali ndi nkhokwe zambiri, magulu a nkhosa ndi ng'ombe, ndi antchito ochuluka olandira barele monga malipiro awo. Wotumiza katundu sanali kumdziwa womnyamula, ndipo wolandira sanali kumdziwa wotumiza. Mtsuko wa mafuta ukafika wopereweza, wolakwa ndani? Nkhokwe ikapezeka yotsekuka m'mawa, anaitseka ndani dzulo? Nkhope ya munthu ndi mawu a pakamwa sizinakwanirenso. Kunafunika chinthu choima m'malo mwa munthu pamene iye wachoka.

Maonekedwe ndi kapangidwe kake

Zidindo zinalipo kale mizinda isanayambe. Kumpoto kwa Mesopotamia ndi ku Syria anthu ankadinda dongo ndi timiyala tophwatalala kuyambira zaka za m'ma 6000 B.C., monga momwe kalaliki adindira kalata mu ofesi. Chatsopano chinaoneka m'zaka za m'ma 3500 B.C. ku Uruk ndi ku Susa, mzinda wa kumwera chakumadzulo kwa Iran: chidindo chosati chopsinja pamalo amodzi, koma chogubuduza.

Chidindo chogubuduza ndi kamwala koulungika ngati kachidutswa ka choko. Zambiri mwa izo kutalika kwake ndi masentimita 2 kapena 3 okha, ngakhale zina za nthawi yoyamba zinali zokulirapo. Mmisiri ankaboola kamwalako kuyambira kumutu kufikira kunsi monga mkanda, kuti mwini wake apisemo chingwe ndi kukavala m'khosi kapena pamkono, kapenanso kukamangirira ku phini yogwira chovala. M'chinenero cha Asumeri chidindo chinatchedwa kishib, ndipo mmisiri wochisema anatchedwa burgul.

Ntchito ya mmisiriyu inafuna kudekha kwakukulu. Iye ankakumba chithunzi m'thupi la mwalawo mozungulira, kuti pogubuduza pa dongo lofewa zokumbikazo zituluke zotukuka. Chilichonse chinayenera kusemedwa chotembenuka, monga chioneka m'kalilole. Dzina losemedwa molunjika likanawerengeka chobwerera pa dongo. Zipangizo zake zinali timiyala takuthwa, tizitsulo ta mkuwa, mchenga wopalira, ndi choboolera chopota ndi uta, chozungulira monga kamtengo kopekera moto. Magalasi okuza zinthu analibe, koma pa kamwala kosaposa chala anatha kusema nkhope, zala za manja ndi ubweya wa mkango.

Popeza dzikolo linali losowa miyala yabwino, zosemera zambiri zinkachokera kutali. Zigoba za nkhono zinkachokera kunyanja ya kumwera, ndipo mwala wobiriwira ngati thambo wotchedwa lapis lazuli unkachokera ku mapiri a Badakhshan m'dziko la Afghanistan, ulendo wa makilomita oposa 2,000. Chotero mtundu wa mwala umene munthu anavala unali kunena za ulemu wake asanatsekule pakamwa.

Kugubuduza kunapambana kupsinja pa zifukwa ziwiri. Choyamba, chidindo chogubuduza chisiya mzere wa zithunzi wosaduka, wotalika monga momwe mwini wake afunira, kotero kuti dongo lonse likutidwa, ndipo wakuba sapeza pokanda popanda kuononga chithunzi. Chachiwiri, thupi lonse la kamwalako lipatsa mmisiri malo aakulu osemapo, ndipo potero akapitawo ambiri a kachisi mmodzi anatha kukhala ndi zidindo zosiyana.

Chidindo chinatsogolera malembo

Anthu ambiri aganiza kuti malembo ndiwo anayamba, ndipo chidindo chinadza pambuyo kudzawatsimikiza. Zofukulidwa m'mabwinja zionetsa kuti sizinatero. Kale ndithu, anthu a m'chigwachi ankawerengera chuma ndi tizinthu ta dongo toumbidwa mosiyanasiyana, tina tozungulira, tina tosongoka, tina tophwatalala, kalikonse koimira muyeso wa mbewu kapena chiweto. Pa nthawi ya Uruk anayamba kutsekera tizinthuti m'kampira ka dongo, nagubuduza zidindo pa kampirako ponseponse. Wolandira katundu akakayika, ankaswa kampirako pamaso pa mboni, nawerenga za m'kati.

Koma kuswa kampira ndiko kuononga umboni. Tsono ena anayamba kudinda zizindikiro za chiwerengero kunja kwake, kuti za m'kati zidziwike kosaswa. Posakhalitsa anaona kuti zizindikiro za kunjazo zikwanira pa zokha, naleka kuumba kampira, naumba kadongo kophwatalala kokhala ndi chiwerengero ndi chidindo basi. Kadongo kotere ndiko katchedwa phale m'nkhani ino, ngakhale sikachokera ku mbiya yosweka. Pamapale oterewa, m'zaka za m'ma 3300 kufikira 3200 B.C., alembi anayamba kujambula ndi kabango kosongola zizindikiro zonena chimene chawerengedwa, kaya ndi nkhosa, barele kapena nsalu. Amenewo ndiwo malembo oyamba a ku Sumer. Mayi Denise Schmandt-Besserat ndiye anatchuka pofufuza njira imeneyi, nailongosola m'buku lake la mu 1992.

Ajeremani ofukula mabwinja, amene anayamba ntchito ku Uruk mu 1912, anapeza mapale akale otere pafupifupi 5,000 pamodzi ndi zidutswa zake. Ochuluka ndithu mwa iwo ndi mawerengero a chuma cholowa ndi chotuluka. Otsalawo ndi mindandanda ya mawu yophunzirira alembi. Nthano ndi nyimbo zinalembedwa patapita zaka mazana ambiri. Chidindo chinayankha funso lakuti ndani, chiwerengero chinayankha lakuti zingati, ndipo malembo anadza kudzayankha lakuti zachiyani.

Ntchito zake

Ntchito yoyamba inali kutseka. Kapitawo wa nkhokwe akatseka chitseko madzulo, ankakulunga chingwe cha chitsekocho pa chikhomo cha m'khoma, namata dongo lofewa pa chingwe ndi chikhomo pamodzi, nagubuduzapo chidindo chake. Dongo lotere silinali loko. Mwana yemwe akanatha kuliswa ndi mwala. Mphamvu yake inali yakuti munthu sakanatha kulowa osasiya umboni wakuti walowa, ndipo wotseka anadziwika. Momwemonso ankachita ndi mitsuko ya mafuta, madengu ndi matumba. Ofukula mabwinja atola zidutswa zambiri za dongo lotere m'madzala akale, ndipo kumbuyo kwake kuoneka bwino mkwaso wa chingwe, kapena wa nsalu, kapena wa chikhomo, kotero kuti adziwa chimene chinatsekedwa.

Ntchito yachiwiri inali kuvomereza. Izi zioneka makamaka m'nthawi ya mafumu a ku Ur amene analamula dziko lonse la Sumer kuyambira 2112 kufikira 2004 B.C., oyamba awo Ur-Nammu ndi mwana wake Shulgi. Kuchokera m'nthawi imeneyo kwapezeka mapale zikwi makumi ambiri, makamaka ku Umma, ku Girsu ndi ku Puzrish-Dagan, malo amene Shulgi anakhazika pafupi ndi Nippur osonkhanitsirako ziweto za msonkho. Munthu akalandira barele kapena nkhosa za boma, mlembi ankalemba chiwerengero ndi tsiku, ndipo wolandirayo ankagubuduza chidindo chake paphalepo. Phalelo linkatsala m'manja mwa wopereka, kuti pa tsiku lowerengera chuma aonetse kumene katundu anapita.

Ntchito yachitatu inali kumanga pangano. Pogula nyumba, pobwereka siliva kapena potenga mwana wolera, phale lolembedwa linkakutidwa ndi chikuto cha dongo, ndipo mawu a m'kati ankalembedwanso kunja, nadindidwa. Wina akasintha za kunja, oweruza ankaswa chikuto ndi kulinganiza ndi za m'kati. Akale anati mlandu suola, ndipo dongo louma siliola ndithu: ngongole zina za anthu amenewo ziwerengeka kufikira lero. Mwambo umenewu unapitirira mphamvu ya Asumeri itatha. M'malamulo a Hammurabi, mfumu ya ku Babylon imene inalamula kuyambira 1792 kufikira 1750 B.C., muli lamulo lakuti woweruza amene asintha chigamulo chake atachidinda kale alipire kakhumi ndi kawiri mtengo wa mlanduwo, ndipo achotsedwe pampando wake.

Eni ake ndi zithunzi zawo

Zidindo za nthawi ya Uruk zinalibe maina. Zinali ndi zithunzi za ntchito ya kachisi: mtsogoleri wa ndevu wovala chisoti chozungulira akudyetsa nkhosa, ng'ombe zikutuluka m'khola la bango, akazi okhala pansi akuumba kapena kuomba nsalu, akaidi omangidwa manja. Pambuyo pake kunachuluka zithunzi za ngwazi zolimbana ndi mikango ndi za maphwando, mmene nthawi zina anthu aoneka akumwa mowa mumtsuko ndi timabango tatitali. Malembo atakhwima, amisiri anayamba kuonjeza dzina la mwini chidindo, ntchito yake, dzina la atate wake, ndi la mfumu kapena mulungu amene iye anamtumikira.

Kuyambira 1922 kufikira 1934, Leonard Woolley anafukula bwinja la Ur, wotumidwa ndi British Museum ndi University of Pennsylvania. M'dzinja la 1927 kulowa 1928 anapeza manda a mkazi wovekedwa golide ndi mikanda yosawerengeka, woikidwa zaka za m'ma 2600 kapena 2500 B.C. Pafupi ndi mkono wake wamanja panali maphini atatu a golide ndi zidindo zitatu za lapis lazuli. Chimodzi chinali ndi chithunzi cha phwando, ndi dzina lake, ndi mawu otanthauza mfumukazi. Woolley anawerenga dzinalo Shub-ad, koma akatswiri a pambuyo pake analikonza kuti Puabi. Dzina la mwamuna wake silinalembedwepo. Golide yense uja sakanatha kunena kuti mkaziyo anali yani. Kamwala kameneko ndiko kanasunga dzina lake zaka 4,500.

Zaka za m'ma 2300 B.C., Sargon wa ku Akkad, mfumu ya anthu a chinenero china okhala kumpoto kwa Sumer, anagonjetsa mizinda ya Asumeri, koma mwambo wa zidindo anausunga, ndipo amisiri a nthawi yake anasema mokongola koposa. Mwana wake wamkazi Enheduanna anaikidwa mkulu wa ansembe a mulungu wa mwezi ku Ur, ndipo kumeneko kwapezeka zidindo za antchito ake, monga kapitawo wa chuma chake ndi wokonza tsitsi lake. Cha nthawi yomweyo ndi chidindo cha Shu-ilishu, chosungidwa ku Louvre mumzinda wa Paris, chimene chimtchula womasulira chinenero cha ku Meluhha, dziko limene akatswiri ambiri aliika kuchigwa cha mtsinje wa Indus. Potero chidindo sichinali cha mafumu okha. Alembi, amalonda, ophika ndi omasulira anali nazo, amuna ndi akazi omwe.

M'nthawi ya mafumu a ku Ur aja chithunzi chofala chinali chakuti mwini chidindo atsogozedwa ndi mulungu wamkazi, atamgwira dzanja, kunka kwa mulungu wamkulu kapena mfumu yokhala pampando. Chotere ndi chidindo cha Hash-hamer, kazembe wa mzinda wa Ishkun-Sin ndi mtumiki wa Ur-Nammu, chimene chili ku British Museum. Zidindo zina zinalembedwa kuti mfumu yomwe ndiyo inapatsa mtumiki wake. Wodinda ndi chidindo chotere anali kunena zinthu ziwiri pamodzi: dzina lake, ndi mwini mphamvu imene iye agwirira ntchito.

Chidindo chikatayika

Popeza chidindo chinaima m'malo mwa munthu, kuchitaya kunali tsoka lalikulu. Wochitola akanatha kulandira katundu kapena kubwereka siliva m'dzina la mwini wake. Chifukwa cha ichi alembi ankalemba ngakhale tsiku limene chidindo chinasowa. Pali kankhani kakafupi ka m'Chisumeri konena za wamalonda dzina lake Ur-dun, amene chidindo chake chinatayika. Bwalo la akulu linalamula wolengeza kuti aombe lipenga m'misewu yonse ya mzinda, anthu amve kuti palibe amene angamsumire wamalondayo pa chidindocho, ndipo maina a mboni analembedwa. Kankhanika kanasungika chifukwa ana a sukulu za alembi ku Nippur ankakakopa pophunzira, m'zaka za m'ma 1700 B.C., pamene Chisumeri chinali chitaleka kulankhulidwa m'nyumba koma chinali kuphunzitsidwabe m'sukulu. Aphunzitsi a nthawi imeneyo anaona kuti wophunzira kulemba ayenera kudziwanso kulemera kwa dzina lodindidwa.

Nanga wopanda chidindo ankatani? M'zaka za pambuyo pake, ku Babylon ndi ku Assyria, munthu wotere ankapsinja chikhadabo chake pa dongo, kapena mpendero wa chovala chake, ndipo mlembi ankalemba pambali kuti chimenechi chaima m'malo mwa chidindo cha uje. Aliyense amene anaonapo nkhalamba ikudinda chala pa pepala la boma adziwa kale chimene chinali kuchitika pamenepo.

Anthu ankakhulupiriranso kuti chidindo chiteteza mwini wake ku zoipa monga chithumwa, ndipo ambiri anaikidwa nacho m'manda. Zina zinkasiyidwa kwa ana, ndipo mwana ankadinda ndi chidindo cha atate wake, kapena ankapita nacho kwa mmisiri kuti afafanize dzina lakale ndi kusemapo lake.

Kutha kwake

Chidindo chogubuduza chinafalikira ku Syria, ku Anatolia, ku Iran ndi ku Egypt, ndipo chinagwira ntchito zaka monga 3,000. Herodotus, mlembi wa mbiri wa ku Greece wa m'zaka za m'ma 400 B.C., ananena kuti munthu aliyense wa ku Babylon ayenda ndi chidindo ndi ndodo. Koma pa nthawi imeneyo chogubuduzacho chinali kuchepa kale. Anthu anali atayamba kulemba chinenero cha Aramaic ndi inki pa zikopa ndi pa mapepala a gumbwa, ndipo kalata yotere ikapindidwa imangidwa ndi kachingwe ndi kadongo kakang'ono, kamene chidindo chopsinja chikwanira. Phale la dongo litayamba kusiyidwa, chogubuduza chinasiyidwa nalo pamodzi.

Masiku ano zidindozi ndi mboni za mtundu wina. Henri Frankfort, m'buku lake la mu 1939, anazilongosola monga mwa nthawi zake, ndipo zithandiza kudziwa zovala, zipembedzo, ngalawa ndi makasu olimira ndi ng'ombe a anthu amene nyumba zawo zinasungunuka kalekale. Koma kuchepa kwake kumene kunazikometsa ndiko kuzichititsa kubedwa msanga. Mu April 2003, pa nthawi ya nkhondo, akuba analowa mu Iraq Museum ku Baghdad, natenga zidindo zogubuduza pafupifupi 5,000. Zina zinapezeka ndi kubwezedwa pambuyo pake. Ndiponso chidindo chofukulidwa mwakuba m'bwinja, osalemba pamene chinagona ndi zimene zinali pambali pake, chitaya theka la umboni wake. Cha Puabi chikanagulitsidwa chotero, mkazi wa m'manda aja akanakhala wopanda dzina.

Kwa mphunzitsi wa ana aang'ono

Phunziro limeneli silifuna zipangizo zogula. Mphunzitsi atume ana kukatapa dongo kudambo, ndipo mwana aliyense atenge kachidutswa ka choko kapena ka kandulo, nasemepo ndi msomali chizindikiro chake, monga nsomba, khasu kapena lemba loyamba la dzina lake. Pogubuduza pa dongo, ambiri adzaona lemba lawo litatembenuka, ndipo adzazindikira okha chifukwa chimene mmisiri wa ku Sumer ankasemera chobwerera. Pambuyo pake mphunzitsi aike nyemba khumi m'kachitini, amange pakamwa pake ndi nsalu ndi chingwe, amate dongo pa mfundo, ndipo mwana mmodzi agubuduzepo chidindo chake pamaso pa anzake. Kachitiniko kagone m'kalasi usiku umodzi. M'mawa mwake ana ayambe aona ngati dongo lili lathunthu, anene mwini chidindo, ndipo pamenepo aswe ndi kuwerenga nyembazo.

Akatero, mphunzitsi awafunse chimene dongo lija lalephera kunena. Lanena amene anatseka, koma silinanene kuti m'katimo munali nyemba kapena chimanga, khumi kapena zisanu. Ana akapeza okha kuti pafunika zizindikiro zina zonena chinthu ndi chiwerengero chake, adzakhala ataima pamene anaima alembi a ku Uruk, ndipo phunziro la kulemba la tsiku limenelo liyambire pomwepo.